Diso Langa Linapsera pa Benchi, Iwo Akufuna Pepala la Polisi

Maola atatu ndi mphindi khumi. Ndinalowa pa geti la kiliniki ina muno mu Kafue pa 10:05, mankhwala akundidya diso lamanja. Diso anadzalitsuka pa 13:15. Werengani nokha. Dzina la kiliniki sinditchula, eni ake akudzidziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti wina awaonetsa zimene ndalembazi.

Ndine Sakala, wa ku dera la Estates, zaka 56. Bambo anga anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ine ndinabadwira muno. Ndimasunga zipangizo pa fakitale ina yaing'ono ku Industrial. Diso langa lamanzere lili ndi ng'ala, linayamba kale kuona chifunga. Lamanja ndilo limandiwerengera mapepala a kuntchito, ndilo limandiolotsa msewu. Ndilo limeneli anthu aja analisiya kuti lipse.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga, asanene kuti ndabisa.

Kuntchito kwathu, anthu asanalowe m'thanki kukatsuka, timayamba tatsitsiramo kamakina koyeza ngati muli mpweya wokwanira kupuma, uja wa okosijeni. M'kamakinamo muli kanthu kozungulira kotchedwa sensa, kukula kwake ngati chitsekero cha botolo la mafuta ophikira, koma kolemerako. Sensa ikatha mphamvu, amabwera tekinishani wa kampani ina ya ku Lusaka kudzaikamo yatsopano. Mwezi watha atasintha, zakalezo anandiunjikira pa tebulo, zisanu ndi imodzi.

"Ba Sakala, imwe mukonda kugwila nsomba, tengani aya," anatero. "Mukati muli ledi. Musungunule chabe, mupange masinka."

Ledi ndi mtovu uja timamangirira ku chingwe kuti mbedza imire. Aliyense woweza pa mtsinje wa Kafue amadziwa kuti umasowa. Ndinamufunsa ngati mulibe choopsa m'katimo.

"Awe mudala, ni tumanzi chabe. Bonse bamachita."

Tumadzi chabe. Munthu wovala yunifomu ya kampani, wonyamula chikwama cha zida, wolembedwa ntchito chifukwa akuti anaphunzira zimenezi. Ine ndikanamutsutsa ndi chiyani?

Loweruka, masabata atatu apitawo, ndinakhala pakhonde ndi pulayala, ndikukonzekera zokaweza mawa lake tikatuluka m'tchalitchi. Chimwalirireni mkazi wanga, amake Dalitso, zaka zinayi tsopano, Lamlungu masana m'nyumba simukhalika, ndiye ndimapita kumtsinje. Sensa yoyamba inatseguka bwinobwino. Tumadzi tuja tinandigwera pa zala, zala n'kuyamba kuterera ngati ndagwira therere. Sizinawawe. Ndinaganiza kuti ndi mafuta. Yachiwiri inalimba. Ndinaiyandikiza kumaso kuti ndione msoko wake, n'kufinya. Inalavula molunjika m'diso. Nthawi inali 09:40.

Ululu wake sindingaufotokoze. Ndinatikita diso ndi zala zomwe zija zoterera. Ndinathamangira pa mpopi, ndinadzikapiza madzi kawiri, katatu, basi. Mumtima ndinati ndisataye nthawi ndi madzi, ndithamangire kwa odziwa. Uku ndiko kulakwa kwanga kwachiwiri: ndinakhulupirira kuti kuli odziwa. Ndinakulunga sensa imodzi m'pulasitiki, ndinagogoda kwa aneba, kunali zii, onse anapita ku ukwati. Ndinaima ndekha pa msewu, dzanja lili pa diso, mpaka takisi inaima.

10:05. Pa windo lolembetsera panali mayi wina, maso ali pa foni, akuseka kavidiyo. Ndinamupatsa moni. Sanadzutse mutu.

"Khadi."

Ndinamuuza kuti khadi ndaiwala, mankhwala a kuntchito andilowa m'diso, likupsa.

"Mwabwela na ndani?"

"Nekha."

Apa ndiye anandiyang'ana. Anayang'ana diso, anayang'ana imvi zanga, n'kumwetulira ngati wapeza nkhani yokafotokoza kunyumba.

"Asidi mu liso, Satade kuseni-seni? Ba madamu bamikwiyila, ka? Munachita chani, ba tate?"

Mnzake wa kumbuyo anaseka. Ena pa benchi anaseka nawo. Ba madamu. Mkazi wanga ndinamuika ndekha m'manda, anadwala miyezi isanu ndi inayi ndikumusambitsa ndi manja angawa, ndipo pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri sanandiponyerepo ngakhale supuni. Ndinafuna kunena zimenezi, koma ndinangoti mkazi ndilibe.

"Nde ba gelofulendi," anatero. "Iyi ni asoti kesi, mulandu wa kupwetekana. Tiyambe taona polisi lipoti. Tinavutikapo kudala na makesi ya so."

Ndikufunseni, mayi inu. Kodi diso limadziwa kuti wolithira mankhwala ndi ndani? Likadziwa kuti ndi mkazi, limaleka kupsa mpaka apolisi adinde chidindo? Ngakhale zikanakhala kuti wandithira ndi mkazi, ndiye kuti ndiyenera kuchita khungu kaye, chilango chake?

Anandipatsa fomu. Munthu wogwira diso ndi dzanja limodzi, lina likuona chifunga, akumupatsa fomu. Ndinalemba mokhotakhota. Pa mzere wa wachibale ndinaika nambala ya mwana wanga Dalitso, amene amagwira ntchito mu mgodi ku Solwezi. Ndinamuimbira pomwepo. Foni yozima, anali pa shifiti. Mayi uja anati ndikhale pa benchi, sisitala akamaliza adzaona ngati angandione popanda pepala.

Ndinakhala. Pa benchi paja aliyense anali ndi wake. Mayi wa mwana wotentha thupi anali ndi mlamu wake womunyamulira chikwama. Mdala wina wa chifuwa anali ndi mkazi wake, akumupatsa maheu. Munthu wokhala ndi wachibale akachedwa kuitanidwa, wachibale amanyamuka, amakagogoda, amakalalata. Wopanda wachibale amangokhala. Sindinadziwe kuti kiliniki imafuna ubwere ndi wokulankhulira. Ndinadzimvera chisoni, sindibisa, ndinadzimva wotayika.

Pafupi ndi ine, pakhomo penipeni, panali ndowa ya buluu ya kampopi, yodzaza madzi, ya malita makumi awiri. Pamwamba pake chikwangwani chakuti sambani m'manja. Ndinaiyang'ana kangapo. Sindinaganize kanthu. Ndinkadikira mankhwala enieni.

10:50. Sisitala anatuluka. Anaima patali, manja m'matumba a juzi.

"Ndimwe ba asidi? Munthu sazithila yekha asidi mu liso, ba tate. Kambani chabe zoona, tikuthandizeni."

Ndinatulutsa sensa ija m'pulasitiki. Ndinamufotokozera zonse, za thanki, za mtovu, za pulayala. Anaiyang'ana osaigwira.

"Manje ichi ni chani, batile ya wochi? Ise sitingazibe vo mupasani ngati sitiziba mankhwala yake. Funsani bamene banakupasani."

10:58. Ndinaimbira tekinishani uja. Anayankha kachitatu, kumbuyo kukumveka nyimbo. Ndinamuuza kuti tumadzi take tili m'diso mwanga, andiuze dzina lake.

"Aa, ba Sakala, lelo ni Satade. Ine zina siniiziba, ise timachinja chabe. Pepa ya sefite, yamene ikamba za mankhwala, ili ku ofesi, tizaona Mande." Kenako anati, "Koma mudala, musanitomole, ka. Nchito ivuta."

Musanditchule. Sanafunse ngati ndikuona. Sananene kuti thirani madzi. Munthu amene amagwira zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku sadziwa dzina la zimene zili m'katimo, koma amadziwa kuzigawa ngati maswiti. Kampani yake inamuphunzitsa kumasula ndi kumanga, basi. Zakale zija amayenera kubwerera nazo. Anaona kuti kuli bwino azisiye kwa mdala woweza nsomba kusiyana ndi kuzinyamula pa basi.

Ndinabwerera kwa sisitala, ndinati dzina sakulidziwa. Anandipatsa timapiritsi tiwiri ta mutu ndi kathonje. Anati ndikatenge lipoti, ndikabwera dokotala adzakhala atafika. Timapiritsi ta mutu! Kodi ndinadandaula mutu?

11:25. Ndinatuluka pa geti wapansi, dzuwa lili pamutu. Diso linali litasiya kuwawa kwambiri, ndipo ine wopusa ndinasangalala, ndimati mwina likupola. Magalimoto ndinkawamva ndi makutu. Pa mphambano ndinaima nthawi yaitali, ndikuopa kuoloka, mpaka mayi wina wogulitsa tomato anandikuwira kuti pitani manje. Sindinapempheko munthu kuti andigwire dzanja. Manyazi.

Ku polisi wapolisi anatsegula buku.

"Saspekiti ni ndani?"

"Nine."

"Nanga odandaula?"

"Nine."

"Manje mufuna nikumangeni, olo nikumasuleni?"

Anayamba kuseka, koma nditachotsa dzanja pa diso kuseka kunatha. Anatseka buku.

"Mudala, apa palibe kesi. Bwelelani ku kiliniki manje-manje. Liso yanu yayela monga ya nsomba yophika."

Wapolisi, amene sanaphunzire za chipatala, anaona mu sekondi imodzi zimene anthu awiri a yunifomu yoyera anakana kuona. Anandiimitsira takisi yekha.

12:35. Ndafika. Windo lotseka. Akudya. Chitseko cha sisitala chokhoma. Ndinagogoda, mawu anachokera m'kati akuti tili pa lanchi, yembekezani. Ndinakhalanso pa benchi yomwe ija, tsopano ndekhandekha, ena onse atathandizidwa n'kupita kwawo. Ndinaimbiranso Dalitso. Yozima. Ndinayang'ana maina m'foni mwanga kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi diso la chifunga lija, ndikufuna munthu mmodzi woti ndingamuuze kuti bwera. A kuntchito, a kutchalitchi, ogulitsa nyambo. Onse ndi anthu opatsana moni. Ndinabweza foni m'thumba.

13:10. Kiliniko ofesa wina, bambo wamfupi wa magalasi, ankadutsa atanyamula chakudya chake m'pepala. Sanali wondiyembekezera, ankangodutsa. Anaima. Anaika chakudya pa benchi, anandigwira chibwano n'kunditembenuzira ku kuwala.

"Ichi chachitika nthawi bwanji?"

Ndinati 09:40. Anayang'ana wotchi yake. Anakuwa dzina la sisitala mpaka chitseko chinatseguka chokha. Sisitala anayamba zoti lipoti la polisi, iye anamudula.

"Pepa imabwela pambuyo! Tiyamba na munthu! Letani madilipu, yonse yamene yalipo!"

13:15. Anandigoneka, anatsegula chikope ndi zala, n'kuyamba kuthira madzi a diripu m'diso. Thumba loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Madzi ankatsikira m'khutu, m'khosi, malaya onse ananyowa. Dzanja lake lina linali pa chipumi changa kuti ndisagwedezeke. Ndinalira. Iye ankaganiza kuti ndi ululu, ankati limbani mtima ba tate, tatsala pang'ono. Sunali ululu wokha. Chichokereni pa maliro paja, panalibe munthu amene anandigwirapo mutu. Bambo ameneyu, kulikonse kumene ali, Mulungu amuonjezere masiku. Madandaulo angawa sakumukhudza.

Anandilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Ambulansi inali itapita kwina. Mayi wa pa windo uja, tsopano ulemu utabwera, anati pezani wachibale akuperekezeni, simungayende nokha. Ndinangomuyang'ana ndi diso lotsalalo. Ndinakwera minibasi ndekha, bandeji kumaso, malaya onyowa. Pa Shimabala basi inaima, amayi a chimanga chootcha anathamangira pa mawindo, aliyense akugula, akuseka, moyo ukupitirira. Mayi amene ndinakhala naye pampando anasendera kumbali kuti ndisamunyowetse.

Ku Lusaka dokotala wa maso, mayi wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, ndiye woyamba kutenga sensa ija m'manja, atavala magulovu. Anaitembenuza. M'mbali mwake munali timalemba ting'onoting'ono ndi kachithunzi ka dzanja likudyedwa ndi madontho. Zinalipo nthawi yonseyi. Sisitala uja akanangoitembenuza.

Anandiuza kuti si asidi ayi. Ndi potaziyamu haidirokisaidi, m'bale wake wa soda wa kositiki uja amapangira sopo. Anati m'diso ameneyu ndi woipa kuposa asidi ambiri, chifukwa sapsereza pamwamba pokha, amalowerera m'kati, ndipo amapitiriza kudya mpaka utamuchotsa. Kuterera kuja pa zala sanali mafuta, linali khungu langa lomwe likusungunuka. Kuchepa kwa ululu kumene ndinasangalala nako pa msewu kunali chizindikiro choipa. Anati ngakhale mtovu umene ndinkaufunawo ndi poizoni, makamaka utsi wake pousungunula.

Ndinamufunsa kuti mankhwala ake akanakhala chiyani, ndikanafika msanga.

"Madzi, bambo," anatero. "Madzi oyera, ambiri, nthawi yomweyo, osalekeza kwa theka la ola kapena kuposa. Zina zonse zimabwera pambuyo."

Madzi. Ndinakumbukira ndowa ya buluu ija. Ndinakhala nayo pafupi ngati mnzanga wa pa basi, yodzaza, maola onse aja. Sipankafunika digiri, kapena kiyi wa kabati ya mankhwala, kapena chilolezo cha bwana. Pankangofunika munthu mmodzi wonena kuti ba tate, gwadani apa, tsegulani diso.

Ndinagona m'chipatala masiku asanu. Nthawi ya alendo ikakwana, wodi imadzaza ndi mabasiketi ndi mafulasiki, ine ndinkatembenukira kukhoma ngati ndagona. Dalitso anaimba Lamlungu, ali ndi mantha. Tchuthi kuntchito kwake anamukaniza mpaka kutha kwa mwezi. Ndinamuuza kuti ndi pang'ono chabe, asavutike. Ndinanama. Mwana ali ndi banja lake, ndimuchotse pa ntchito kuti adzandiyang'ane ine?

Lero diso lamanja limaona kuwala ndi mithunzi. Munthu akaima patsogolo panga ndimadziwa kuti pali munthu, koma nkhope ayi. Dokotala akuti tidikire, mwina opaleshoni, koma sanalonjeze kanthu, ndipo ndimamulemekeza chifukwa chosandinamiza. Zala ziwiri zasupuka khungu. Izi ndikulemba ndi zilembo zazikulu pa foni, ndayamba dzulo, ndikupumira.

Tsono ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho, osati pepani.

Inu oyang'anira kiliniki, lamulo lakuti munthu wopsa ndi mankhwala ayambe wapita ku polisi linalembedwa pati? Ndionetseni tsamba lake. Ngati kulibe, ndani anauza mayi wa pa windo kuti ndi iye wosankha wolowa ndi wotsala? Muli pakati pa mafakitale, feteleza apa, zidulo apo, anthu akugwira mankhwala usana wonse. Zoona palibe anaphunzitsa antchito anu kuti diso lopsa amayamba ndi madzi? Nanga kuseka munthu wovulala za m'nyumba mwake, kumeneko amaphunzitsa chaka chachingati?

Inu a kampani ya masensa, pepala lofotokoza kuopsa kwa katundu wanu limagona mu ofesi Loweruka ndi Lamlungu. Kodi katunduyo nayenso amapuma pa wikendi? Masensa akutha mumawawerenga pobwerera? Munthu wanu anandipempha kuti ndisamutchule, ndipo sindinamutchule, chifukwa wolakwa wamkulu ndi amene anamutuma osamuphunzitsa. Koma kalata yanga ifika, ndipo ndidzaibweretsa ndekha, ngakhale mopapasa.

Ndipo inu anzanga a kumtsinje, makamaka a ku Industrial. Ndikudziwa kuti si ine ndekha amene ndinalandirapo tizinthu timeneti. Ena muli nato m'matumba a mbedza, ena pawindo pamene ana amafikira. Musatsegule. Musaboole, musaotche, musataye m'mtsinje. Bwezerani kuntchito, auzeni kuti abwerere nato eni ake. Kakayamba kudontha, musakagwire ndi manja. Zikakugwerani pakhungu kapena m'maso, musatikite, musathamangire takisi ngati ine. Gwadani pa mpopi, tsegulani diso ndi zala zoyera, madzi ayende theka la ola, kenako muzipita ku chipatala, chinthucho chili m'pulasitiki. Wina akakuuzani za pepala, kuwani. Ine ndinaleredwa kuti pa ofesi sakweza mawu, ndipo ulemu umenewo wandidyera diso.

Anandipatsa kabotolo ka mankhwala odonthezera. Dontho limodzi maola awiri aliwonse, osaphonya, akuti pamenepo ndiye pagona chiyembekezo chonse. Nesi wa ku Lusaka pondipatsa anati, uzani a kunyumba azikudonthezerani, nokha n'zovuta. Ndinati chabwino.

Ndiye maola awiri aliwonse alamu imalira. Ndimasamba m'manja, ndimagona chagada pa mpando, ndimakweza kabotolo. Diso lamanja silikaona. Lamanzere limaona tiwiri. Ndimafinya, dontho limagwera pa tsaya. Ndimafinyanso, pa nsidze. Mmawa uno lachinayi ndilo linalowa. Kabotolo koyenera kukhala mwezi katsala pang'ono kutha, mankhwala ambiri amwa ndi kolala ya malaya.

Mayi wa pa windo, munkafunitsitsa kudziwa kuti kunyumba kwanga kuli ndani amene angandithire zinthu m'diso. Yankho lake ndi ili: kulibe. Alamu yalira, ndapita kukayesanso.